Alandilodi akuti ndichotse galu wanga chifukwa cha mtundu wake

MayiWaKuBembeke
Abale anga a pa gulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndimachita lendi pa boma pano ku Dedza, nyumba ya mpanda wa njerwa. Ndili ndi galu wamkazi, bambo wake anali Rottweiler, mayi wake galu wamba wa kwathu ku Bembeke. Ndidamutenga ali kamwana, wakula pamodzi ndi ana anga, katemera wa chiwewe amabayidwa chaka chilichonse ndipo khadi lake ndili nalo. Sanalumepo munthu. Dzulo alandilodi abwera foni ili m'manja, akundionetsa vidiyo ya pa WhatsApp ya galu akung'amba munthu, ati ndi ku Joni. Andiuza kuti pakutha pa mwezi uno galuyo asapezekenso pamalo pawo, apo ayi ndisamuke. Ndawafunsa kuti walakwanji, ati mtundu umenewu ngwakupha, sitingadikire kuti uyambe walakwa. Chikundiwawa n'choti nyumba yoyandikana nafe, ya alandilodi omwewa, kuli galu wachikuda wokhala m'kakhola ka malata tsiku lonse, ndipo adalumapo kale mwana wogulitsa mandasi. Ameneyo sakumunena. Kodi galu timuweruze ndi nkhope kapena ndi zochita zake?

KabazaWaPaLizulu
Mayi pepani, koma ine ndili kumbali ya alandilodi. Inu mumamuona galu wanu akugwedeza mchira. Ife timakumana nawo kusanache tikukatenga kasitomala, akutithamangitsa. Zigalu zikuluzikuluzi zichoke.

Chimbiya_Boy
Akabaza, amene amakuthamangitsani pamsewu ndi ma Rottweiler? Tanenani zoona. Pa Lizulu ponse alipo angati?

KabazaWaPaLizulu
Ambiri ndi achikuda, inde. Koma wachikuda ndikamuopseza ndi phazi amabwerera. Chigalu cha makilogalamu 40 chikakugwetsa pa njinga, udzuka?

MakeAnyamata
Mawu akuti "sanalumepo munthu" ine ndidawamva pa geti la anthu ena kuno ku Ntcheu, mwana wanga magazi ali chuchuchu. Anali ndi zaka 8, adalowa kukatola mpira umene udagwera m'mpanda mwawo. Galuyo anali Boerboel. Adamugwira pa ntchafu n'kumamugwedeza osasiya, mpaka mnyamata wantchito adachita kumumenya ndi mpini wa khasu. Kuchipatala adamusoka, ndipo mpaka lero akamva galu akuuwa ngakhale patali amagwira chitenje changa. Mwini galu adabwera kudzatizonda atanyamula Fanta, mawu ake omwewo: galu wanga saluma. Ndiye Mayi a ku Bembeke, sindikukana kuti wanuyo ndi wofatsa, koma aliyense amatero kufikira tsiku limenelo.

MayiWaKuBembeke
Pepani kwambiri achemwali, inenso ndine kholo. Mwanayo ali bwanji pano?

MakeAnyamata
Akuyenda bwinobwino, zikomo. Chipsera ndiye chilipo.

AlangiziOpuma
Ndagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto zaka zambiri m'madera a Linthipe, Mayani ndi Lobi, ndipo agalu oluma anthu ndawaona ochuluka. Make anyamata, ndifunse kaye: galu uja ankasungidwa bwanji masana?

Ndikufunsa chifukwa nthawi zambiri ndikaitanidwa kuti galu waluma munthu, kuseri kwa nyumba ndinkapezako chinthu chimodzimodzi. Kakhola ka malata kapena ka njerwa, koti galu sangatembenuke bwino, kopanda zenera, pansi pali chimbudzi chake cha dzana ndi dzulo. Pakona mbale ya madeya owuma, madzi palibe. Mwezi wa Okutobala malata aja atentha, galu ali mkati lilime lili panja kuyambira mbandakucha mpaka anthu akagona. Ukafunsa chifukwa chake, mwini wake amayankha monyadira kuti galu akamaona anthu masana amapusa, ndiye timamubisa kuti aluse. Ena amathira tsabola m'chakudya, ena chamba, ena amasinja mavu. Ana a pakhomopo akamadutsa amamenya malata aja ndi ndodo kuti amve kuuwa.

Galu wotere sangasiyanitse wakuba ndi mwana wodzatola mpira, chifukwa palibe adamuonetsapo mwana pafupi. Zimene timazitcha ukali, kawirikawiri ndi mantha. Kagalu kamazolowera anthu, nkhuku, mbuzi ndi njinga kuyambira masabata 3 mpaka cha m'ma 12 kapena 14. Nthawi imeneyi ikadutsa kali mumdima, kukawongola kumavuta. Komanso timatilanda kwa mayi wake titangotsegula maso, pamene timayenera kukhala ndi mayi ndi tinzake mpaka masabata 8. Kumeneko n'kumene kamaphunzira kuti kakaluma mwamphamvu mnzake amalira ndipo masewera amathera pomwepo.

Zimenezi ndaziona pa German Shepherd, pa Boerboel, ndi pa agalu athu achikuda omwe.

MakeAnyamata
Anali wa pa tcheni kuseri, bambo. Anthu ambiri m'deralo sankadziwa n'komwe kuti pali galu wamkulu chonchija. Tsikulo adamumasula kuti atsuke khola. Komabe ndikuti akadakhala kagalu kachikuda mwana wanga sakadasokedwa malo onse aja. Mphamvu n'zosiyana.

AlangiziOpuma
Pamenepo sindingakutsutseni mayi. Galu wamkulu akaluma, bala limakhala lalikulu. N'chifukwa chake ine ndimati wofuna galu wamphamvu asenze udindo wolemera kuposa anzake: mpanda wosaboka, chingwe akamatuluka naye, ndi kumuphunzitsa kumva akaitanidwa. Koma udindowo ngwa munthu. Mukachotsa Boerboel n'kusiya munthu yemweyo ndi khola lomwelo, mawa agula German Shepherd n'kumutsekera momwemo, ndipo mpira wa mwana wina udzagweranso m'mpanda muja.

MtchonaWaKuJoni
Mavidiyo amenewo ambiri ndi a kuno. Chaka cha 2022 kudachitika zoopsa, ana angapo adaphedwa ndi ma pitbull motsatizana, mpaka bungwe la Sizwe Kupelo Foundation lidasonkhanitsa ma siginecha kupempha boma kuti liletse mtunduwu. Anthu ena adachita mantha n'kukatula agalu awo ku bungwe loteteza nyama la SPCA, kwina anthu okwiya adapha agalu okha. Koma chimene vidiyo sikuonetsani ndi mmene agaluwo amakhalira. M'malokeshoni muno anyamata amawamenyanitsa pobetcha ndalama, amawamangirira matcheni olemera kuti khosi likule, amawadula makutu. Ine bwana amene ndimamugwirira ntchito ali ndi ma Boerboel awiri, amagona pakhonde ndi zidzukulu zake, ndipo Loweruka amapita nawo kokaphunzitsa agalu. Mtundu umodzi womwewo, manja osiyana.

Chimbiya_Boy
Komanso galu wa Mayi a ku Bembeke si pitbull. Alandilodi akuweruza Rottweiler wosakaniza ndi vidiyo ya galu wina wa dziko lina.

LandilodiWaPaBoma
Sindine landilodi wa mayiwa, koma ndili ndi nyumba za lendi pa boma pompano ndipo ndimulankhulireko mnzanga. Galu akaluma mwana, anthu safunsa kuti wa lendi ndani. Amati "galu wa kunyumba kwa aujeni", ndipo gulu limabwera pa geti langa, amfumu amaitana ine. Wa lendi akhoza kusamuka usiku, mlandu n'kutsalira ine. Ndiye munthu ukaona galu wakuda wa mutu waukulu mtima umagunda. Kunena kuti "mtundu uwu ayi" n'kosavuta kusiyana n'kumayendera nyumba iliyonse kukaona mmene akumusamalira.

MphunzitsiWaKuLobi
Bambo landilodi, mwanena zoona kuti n'kosavuta, ndipo maboma ena adaganiza chimodzimodzi. Dziko la Britain lidakhazikitsa lamulo la Dangerous Dogs Act mu 1991, loletsa mitundu inayi: pitbull, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro. Dziko la Netherlands lidaletsa pitbull mu 1993, koma mu 2008 lidachotsa lamulolo litaona kuti anthu olumidwa sadachepe. Italy idali ndi mndandanda wa mitundu yoopsa, mu 2009 idaufufuta n'kuika mlandu pa mwini galu aliyense, kaya galuyo ndi wamtundu wanji. Mzinda wa Calgary ku Canada udatsata njira ya kulembetsa agalu, kuphunzitsa eni ake ndi kulipiritsa chindapusa amene galu wake wavutitsa anthu.

Palinso kafukufuku amene adatuluka mu 2013 ku America. Adaunika imfa 256 za anthu olumidwa ndi agalu pakati pa 2000 ndi 2009. Pa imfa zoposa 80 mwa 100 zilizonse panalibe munthu wamkulu woti n'kulanditsa, ndipo agalu ake anali osathena. Pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse, galuyo ankasungidwa kwayekha, osacheza ndi anthu a pakhomo. Mtundu weniweni wa galu adatha kuutsimikiza pa imfa zosakwana 20 mwa 100. Zimene a Alangizi adaziona kuseri kwa nyumba ku Mayani n'zomwezo.

NdiliKuLeeds
Aphunzitsi, musasiye mbali ina. Kuno ku England kuyambira pa 1 February 2024 n'kulakwira lamulo kusunga galu wa mtundu wa XL Bully popanda chilolezo chapadera, ndipo amene ali nacho ayenera kumuveka chotseka pakamwa ndi chingwe akatuluka. Adachita izi anthu ataphedwa motsatizana ndi agalu amenewa, ena mwa iwo eni ake omwe. Si onse amene adawatsekera m'khola. Mitundu ina idawetedwa dala kuti ikagwira isasiye, makolo a pitbull ankamenyana ndi ng'ombe zamphongo mpaka masewerawo adaletsedwa mu 1835. Magazi ali ndi gawo lake.

MphunzitsiWaKuLobi
Gawo lilipo achimwene, sindikukana. Funso ndi kukula kwake. Kafukufuku wina wa mu 2022, wa agalu oposa 18,000, adapeza kuti mtundu umafotokoza pafupifupi 9 pa 100 ya kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu. Ndipo taonani zimene zachitika kwanuko: adaletsa pitbull mu 1991, anthu ofuna galu woopsezera anzawo adangopeza mtundu wina umene sunali pa mndandanda. Patapita zaka zoposa 30 akuwonjezera dzina lina.

KabazaWaPaLizulu
Za ku America ndi ku England zimenezo. Ine ndikunena za msewu wa M1 nthawi ya 4 koloko m'mawa.

NamwinoWaUsiku
Akabaza akunena zoona, tibwerere kwathu kuno. Ine ndi namwino, ndipo odwala olumidwa ndi galu amene ndimawalandira, pafupifupi onse ndi a agalu wamba oyendayenda, ambiri mwa odwalawo ndi ana. Chimene chimandisowetsa tulo ine si kukula kwa bala ayi, ndi chiwewe. Bala lalikulu timasoka likapola. Kachilonda kakang'ono ka kagalu kosabayitsa kangathe kupha mwana patapita mwezi kapena miyezi, makolo ataiwala kale. Zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi, kutuluka dovu, kubwebweta, palibenso mankhwala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ambiri a mu Africa ndi Asia, 99 mwa 100 amachitenga kwa galu, ndipo 4 mwa 10 ndi ana osakwana zaka 15. Kachirombo ka chiwewe sikafunsa mtundu wa galu.

Chonde aliyense asunge izi. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, sopo wochapira yemweyu, kenako thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone kaye. Jekeseni amayenera kumalizidwa onse monga mwauzidwira. Nthawi zina katemera wa anthu amasowa ndipo banja limayenda mtunda wautali kumufunafuna, pamene kubaya galu n'kotsika mtengo kwambiri.

AgogoAKuTsangano
Ife kale tinkameta ubweya wa galu wolumayo, kuwotcha, phulusa lake n'kupaka pa bala. Ambiri adachira.

NamwinoWaUsiku
Agogo, ndi ulemu wonse, amene adachirawo galu wake analibe chiwewe. Phulusa silipha kachiromboko, limangodetsa bala ndi kuchedwetsa mwana. Chonde zidzukulu zanu muzizitsuka ndi sopo.

AlangiziOpuma
Ndiwonjezere pa mawu a anamwino. Galu wodziwika mwini wake akaluma munthu, musathamangire kumupha n'kumutaya kudzenje. Mumangeni pamalo otetezeka, apatsidwe chakudya ndi madzi, muwadziwitse alangizi a ziweto a dera lanu, amuyang'anire masiku 10. Ngati anali ndi chiwewe pa nthawi yolumayo, adwala kapena kufa m'masiku amenewo. Koma wolumidwayo asadikire masikuwo, ayambe jekeseni. Kale chiwewe chikabuka tinkalengeza kuti agalu onse amangidwe, opezeka akuyendayenda ankawomberedwa. Pakangotha miyezi ingapo agalu adadzazanso, osabayitsa ngati kale. Chimene chimathetsa chiwewe ndi kubaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, chaka ndi chaka. Ku Blantyre a Mission Rabies akhala akuchita zimenezi kuyambira 2015, khomo ndi khomo komanso m'masukulu.

MlenjeWaChongoni
Nkhani ya tsankho la agaluyi mukuyiona mbali imodzi. Amene amasalidwa kwambiri m'dziko muno ndi galu wachikuda. Akalowa pa msika, mwala. Akadwala, "ndi galu chabe, afe." Tsiku la katemera munthu amanyamula galu wachizungu pa galimoto, wachikuda kumusiya ati alibe phindu. Chonsecho galu ameneyu ndi amene amapirira nkhupakupa, kutentha ndi kuzizira kwa mu Juni kuno ku Dedza, amadya zimene tadya ife. Anga ndili nawo atatu, ndimapita nawo kosaka, ndikaimba likhweru onse amabwerera ngakhale kalulu ali patsogolo. Sindidawamenyepo, ndipo sadziwa tcheni. Ana a m'mudzi amasewera nawo. Usiku fisi akayandikira khola la mbuzi mudzi wonse umadzuka. Kodi mlonda woposa apa mukumufuna wotani?

Chimbiya_Boy
Madala mwalasa. Anthu amagula tiagalu m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, wogulitsa atanyamula m'manja padzuwa, ati "pure German Shepherd bwana". Ndalama zambirimbiri. Pakatha miyezi 6 makutu agwa, wasanduka galu wa kwathu konkuno. Ndiye poti ndalama zapita, mkwiyo umathera pa galu, amamutaya kumsika. Ameneyo ndiye akukathamangitsa akabaza.

MtchonaWaKuJoni
Kuno agalu achikudawo ali ndi dzina, amati Africanis, ndipo alipo azungu amene amawafuna dala chifukwa sadwaladwala.

AgogoAKuTsangano
Kale galu ankakhala ndi dzina lolankhula. Wanga woyamba anali Mumanena, chifukwa apongozi ankakonda miseche. Ukamuitana pabwalo mokweza, uthenga wafika, popanda kukangana ndi munthu. Lero agalu onse ndi Tiger, Danger, Killer. Mwana ukamutcha dzina lotero ukuyembekezera chiyani?

MlenjeWaChongoni
Anga ndi Tiyesenawo, Alekeni ndi Zapansi. Agogo mwandikumbutsa malemu bambo anga, wawo anali Ndaonazino.

MlimiWaKachewere
Mayina abwino, koma ine ndili ndi dandaulo lenileni. Mwezi wathawu agalu adandiphera mbuzi ziwiri kudimba, cha ku Tsangano kuno. Anali gulu, asanu kapena kuposa, akutsata wamkazi. Onse ali ndi eni ake m'midzi yomweyi, koma nditafunsa aliyense ati wanga adagona pakhomo. Anzanga akundiuza kuti ndingoika tameki m'nyama nkhani ithe.

NamwinoWaUsiku
Chonde bambo musayerekeze. Nyama ya poizoni sisankha, adya ndi galu wosalakwa, nkhuku, nkhumba, ndipo mwana wokwawa amatola chilichonse. Ndawalandirapo ana otere.

AlangiziOpuma
A Mlimi, gulu limenelo mwalifotokoza bwino: amphongo osathena akutsata wamkazi amene ali pa nyengo yake. Nthawi imeneyi ndi pamene agalu amayenda mitunda, kumenyana, kupatsirana chiwewe ndi kugwira ziweto. Galu wamkazi amatha kubereka kawiri pa chaka, ana asanu kapena kuposa, ndipo ambiri mwa anawo palibe owafuna. Mankhwala ake ndi kuthena amphongo ndi kutseka aakazi kwa dokotala wa ziweto. A bungwe loteteza nyama la LSPCA ku Lilongwe amachita zimenezi, komanso funsani ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu. Musathene nokha ndi lezala kapena mphira ngati mbuzi, agalu ambiri amafa nazo.

KabazaWaPaLizulu
Galu wothena amauwanso? Ife timamva kuti amangonenepa n'kumagona.

AlangiziOpuma
Amauwa bwinobwino. Kulondera pakhomo sikuchokera kumeneko. Chimene chimachepa ndi kuyendayenda, ndiye usiku amapezeka pakhomo m'malo mokhala mudzi wachitatu. Kunenepa kumabwera ngati mukumudyetsa kwambiri osamuyendetsa.

MayiWaKuBembeke
Zikomo nonse, ndawerenga zonse. Madzulo ano ndinapita kwa alandilodi ndi khadi la katemera, ndawapempha kuti abwere masana adzamuone galuyo ali ndi ana. Sanavomere, sanakane, ati akambirane kaye ndi akazi awo. Ndawauzanso za galu wa m'khola uja. Make anyamata, mawu anu andikhudza. Pa geti pathu pali mpata pansi woti mwana angalowetse dzanja, mawa ndiitana mmisiri.

LandilodiWaPaBoma
A Alangizi, tiyerekeze kuti ndasiya kuyang'ana mtundu. Pa pepala la lendi ndilembepo chiyani choti chinditeteze ine ndi ana a anthu?

AlangiziOpuma
Lembani kuti galu aliyense, wachikuda kapena wachizungu, akhale ndi khadi la katemera wa chiwewe la chaka chimenecho, ndipo muzilione ndi maso anu. Kagalu kayambe kubayidwa pa miyezi 3. Mpanda ndi geti zikhale zoti galu sangatuluke, kunja azituluka pa chingwe ali ndi munthu wamkulu. Asatsekeredwe m'kakhola tsiku lonse kapena kukhala pa tcheni chachifupi usana ndi usiku, akhale ndi mthunzi ndi madzi. Galu akavulaza munthu kapena chiweto, wa lendi ndiye alipire. Kenako chitani chinthu chimodzi chimene pepala silingachite: pitani masana, muuzeni mwini wake amuitane galuyo. Akabwera mchira ukugwedera, n'kukhala pansi atauzidwa, mwadziwa zambiri. Akakhala kuti mwini wakeyo akuopa kutsegula khola, mwadziwanso zambiri. Ndipo dziwani kuti kuzunza chiweto ndi mlandu m'Malawi muno, lamulo la Protection of Animals Act lilipo, kungoti anthu salidziwa.

NdiliKuLeeds
Zonsezo n'zabwino, koma ndani aziyendera? Mlangizi mmodzi ali ndi midzi ingati? Kuphunzitsa anthu kumatenga zaka, mwana akulumidwa lero.

MphunzitsiWaKuLobi
Nanga mndandanda wa mitundu ndiye angautsate ndani? Kuno agalu ambiri ndi osakaniza, alibe mapepala. Amfumu adzayang'ana kukula kwa mutu n'kunena kuti uyu ndi Rottweiler theka, uyu kota? Zidzangokhala zoti amene wadana ndi mnzake akamunenere galu. Khadi la katemera limaoneka, khola limaoneka, galu woyendayenda usiku amaoneka. Mafumu athu ali ndi mphamvu zopanga malamulo a m'dera, tidaona zimene Inkosi Kachindamoto adachita pothetsa maukwati a ana kuno ku Dedza komwe. Nyakwawa iliyonse imadziwa khomo lililonse limene lili ndi galu.

Ndipo ana tisawaiwale. Ine m'kalasi mwanga ndimawauza kuti galu akamadya, akagona kapena akakhala ndi ana ake, osamuyandikira. Osalowa m'mpanda mwa eni popanda kuodira, mpira ukagwera mkati aitane wamkulu. Galu akawathamangira asathawe kapena kukuwa, aime chilili, manja pachifuwa, osamuyang'ana m'maso. Akagwetsedwa adzipinde n'kuphimba khosi ndi nkhope. Osagenda agalu. Akalumidwa anene msanga, chifukwa ana ambiri amabisa poopa kukwapulidwa. Pa 28 September, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, sukulu iliyonse ingathe kupatula ola limodzi kuitana alangizi a ziweto.

KabazaWaPaLizulu
Kuima chilili pa njinga sikutheka aphunzitsi.

MlenjeWaChongoni
Akabaza, galu amathamangitsa chothawa. Mukapalasa mwamphamvu ndiye mwamuitana. Chepetsani liwiro, tsikani mbali inayo, njinga ikhale pakati pa inu ndi iye, mulankhuleni ndi mawu otsika. Ambiri amanunkhiza tayala n'kubwerera. Ndipo ngati ndi khomo lomwelomwelo tsiku lililonse, pitani inu ndi anzanu a pa siteji kwa nyakwawa, mwini wake aitanidwe.

KabazaWaPaLizulu
Makomo ake tikuwadziwa, alipo atatu. Ndiwauza anzanga pa siteji mawa.

MlimiWaKachewere
Tameki ndamusiya. Koma za mbuzi zanga ndikukatula kwa amfumu Lolemba, ndipo ndikapempha kuti galu aliyense m'mudzi muno alembedwe dzina la mwini wake, kuti mawa wina asadzakane.

MakeAnyamata
Ine maganizo anga pa zigalu zikuluzikulu sanasinthe kwenikweni, pafupi ndi ana anga sindizifuna. Koma ngati mukupita kwa mafumu ndi malamulo amenewa, muikemo ili: galu akaluma munthu, mwini wake apereke ndalama ya thiransipoti yopitira kuchipatala tsiku lomwelo, asanayambe zokambirana kuti walakwa ndani, ndipo alipire maulendo onse a jekeseni mpaka amalize. Ife tidagulitsa matumba awiri a chimanga kuti mwana amalize jekeseni, mwini galu ali phee kudikira tsiku la bwalo. A Mlimi, Lolembalo mukanene zimenezi, ndipo a Alangizi mutilembere mfundo zija bwinobwino kuti nanenso ndikapereke kwa amfumu akwathu.